Opopa magazi a m'foni ndi anamapopa a m'mudzi

Anyamata amene amaika mafilimu m'mamemori pamsika wa Ulongwe kapena pa Zobue amadziwa bwino katundu amene amayenda malonda. Kupatula nyimbo, mpira ndi mafilimu a ku Nigeria, pali gulu lina limene ana a ku sekondale amachita kulifunsa ndi dzina. Ndi nkhani zazitali, za magawo ambirimbiri, za mtsikana wa zaka 16 kapena 17 amene wakopeka ndi mnyamata womwa magazi, za mnyamata amene mwezi ukawala wonse amasanduka chilombo, kapena za mwana wamasiye amene waitanidwa kusukulu ya matsenga. Zambiri zimabwera zikulankhula Chipwitikizi cha ku Brazil, zina zimadutsa pa Calomue kuchokera kwa anzathu a ku Malawi. Makolo akaona mano aatali pa foni ya mwana amangoti, "Zausatana izi, zimitsa." Ana nawo amati akuluakulu ndi otsalira. Koma palibe mbali imene imayamba yafunsa kumene nkhanizi zinachokera, amene anazipanga, ndi anthu amene ankawaganizira pozipanga.

Zambiri mwa nkhanizi zinayamba ngati mabuku. M'masitolo a mabuku ku America ndi ku Britain muli mbali ya owerenga a zaka 12 mpaka 18, ndipo kwa nthawi yaitali mbali imeneyi inali yaing'ono, yodzaza nkhani za kusukulu ndi za mavuto a m'banja. Ndalama ndi zimene zinaisintha. Mu 1997 kampani ya Bloomsbury ya ku London inasindikiza buku loyamba la Harry Potter, lolembedwa ndi J.K. Rowling, makampani ena angapo atalikana. Linali buku la ana aang'ono, koma mwana wa m'nkhaniyo ankakula chaka chimodzi m'buku lililonse, owerenga n'kumakula naye. Pofika 2000 mabukuwa anali atatsekereza malo apamwamba pa mndandanda wa mabuku ogulidwa kwambiri wa nyuzipepala ya New York Times, moti nyuzipepalayo inatsegula mndandanda wina wa mabuku a ana okhaokha. Buku lachisanu ndi chiwiri, lomwe ndi lotsiriza, litatuluka mu 2007, ku America kokha anagulitsa makope 8.3 miliyoni m'maola 24. Apo n'kuti Stephenie Meyer atatulutsa kale Twilight mu 2005, imene ambiri a mbali ino tinaidziwa kuti Crepúsculo: mabuku anayi, kenaka mafilimu asanu kuyambira 2008 mpaka 2012. Osindikiza mabuku ataona zimenezi, aliyense anathamanga kukasaka wolemba wakewake wa afiti, angelo ogwa, mimbulu ndi akufa oyenda.

Mukaonera zitatu kapena zinayi mumayamba kuona kuti mmisiri wake ndi mmodzi. Pamakhala wachinyamata wodziona wachabechabe, kawirikawiri wamasiye kapena wa makolo olekana, amene wangofika kumene kumalo achilendo. Amatulukira kuti kuseri kwa dziko limene aliyense akuliona kuli dziko lina lobisika, la mafumu ake, malamulo ake ndi nkhondo yake yakalekale. Amatulukiranso kuti iyeyo si mlendo kumeneko, popeza magazi ake, chipsera chake kapena ulosi wina unamuika kale pakati pa nkhondoyo. Pambali pake pamakhala anzake awiri kapena atatu, mphunzitsi wachikulire amene adzafa nkhani isanathe, ndi chikondi choletsedwa. Akuluakulu otsalawo amakhala osaona, osamva, kapena adani.

Mphamvu ya nkhanizi ili pa msinkhu umene zimalankhula nawo. Pa zaka 13 kapena 14 thupi limayamba kuchita zinthu osakufunsa. Mawu amasintha, tsitsi limamera pamene panalibe, mtsikana amayamba kupita kumwezi, mtima umakwiya kapena kulakalaka popanda chifukwa chooneka. Mwana sangakhale pansi ndi bambo ake n'kumakamba zimenezi. Koma muonetseni mnyamata amene usiku amamera ubweya, m'mawa n'kudzuka ali patchire osakumbuka chimene wachita, akunjenjemera kuti tsiku lina adzapweteka munthu amene amamukonda. Mwanayo amamuzindikira nthawi yomweyo, ndipo amapeza mpata wolingalira za iye mwini popanda kuchita manyazi, chifukwa amene akukambidwa ndi mmbulu. Womwa magazi nayenso anachita kusulidwa kuti agwire ntchito imeneyi. Dracula wa Bram Stoker, wa mu 1897, anali chinthu choopsa chofunika kuchisaka ndi kuchipha. Anne Rice mu 1976 anampatsa womwa magazi chisoni ndi chikumbumtima, ndipo kanema wa Buffy, woyamba mu 1997, anamulowetsa pabwalo la sukulu ya sekondale. Pofika nthawi ya Twilight anali atasanduka mnyamata waulemu amene vuto lake lonse ndi limodzi: akumufuna mtsikanayo, koma akalephera kudziletsa amupha. Wachinyamata safunika kumumasulira kuti pamenepo akunena chiyani.

Ife a ku Angonia, Macanga ndi Chifunde kamangidwe kameneka sikayenera kutidabwitsa. Mwana amachotsedwa pakati pa anzake n'kupita naye kumalo kumene osavinidwa safika. Amamva mawu amene sanawamvepo, amakhala ndi phungu womuyang'anira, amapirira zowawa, ndipo amabwerako ali munthu wina, atasunga zinthu zimene sangauze aliyense wakunja. Chimenechi ndi chinamwali, komanso ndi msana wa pafupifupi nkhani iliyonse ya mtunduwu. Mmene ndimaonera, kumaiko kumene mabukuwa amalembedwa mwambo wolandira mwana kuuchikulire unazilala, ndiye ana amakaufuna m'mabuku. Kwathu kunonso alipo ambiri otere. Mwana wokulira ku Moatize, amene makolo ake anatsata ntchito ya malasha ndipo mpingo wawo umaletsa za kudambwe ndi za kutsimba, zambiri za kukula kwake akuzimvera pa foni, tifune tisafune.

Ubwino wina ndi wosavuta kuuona. Nkhani yopitirira imakoka munthu kuti awerenge. Buku loyamba ndi limene limavuta, chifukwa sudziwa aliyense. Lachiwiri umalowamo ukudziwa kale mayina, malo ndi malamulo ake, ndiye umathamanga. Buku loyamba la Harry Potter la ku Britain linali ndi masamba 223, lachisanu linali ndi masamba 766, ndipo ana amene aphunzitsi awo ankati sawerenga analimaliza. Rick Riordan, amene anali mphunzitsi, anayamba nkhani ya Percy Jackson ya mu 2005 pofuna kusangalatsa mwana wake amene ankavutika kuwerenga ndi kukhazikika m'kalasi, ndipo ngwazi ya m'bukulo anaipatsa mavuto omwewo. Kwa mwana wathu, amene kunyumba amalankhula Chichewa koma mayeso amalemba m'Chipwitikizi, chilichonse chomukhazika maola ambiri ndi chilankhulo cha mayesocho, mwa kufuna kwake, popanda ndodo, si chinthu chochipeputsa. Ena amafika pa Wattpad, malo a pa intaneti owerengera ndi kulembera nkhani, imene inayambira ku Toronto mu 2006, n'kupezako nkhani zaulere za achinyamata a ku Brazil, mapeto ake n'kuyamba kulemba zawo. Ndipo zolembedwa bwino sizinamiza ana kuti dziko ndi lokoma. Mumafa anthu okondedwa, boma limakana kuti ngozi ilipo, nyuzipepala imanyoza mwana wonena zoona. Wachinyamata wa ku Mozambique kuno zimenezi sazimva ngati nthano.

Zofooka zake zambiri zimachokera kumene kunachokera kutchuka kwake, kumalonda. Chitsanzo chabwino ndi The Vampire Diaries. Mabuku oyamba anatuluka mu 1991, olembedwa ndi L.J. Smith, koma iye anawalemba ngati waganyu wa kampani yokonza mabuku, ndipo umwini wa nkhaniyo unali wa kampaniyo. Mu 2011 kampani ya Alloy Entertainment inamuchotsa pa nkhani imene anaiyambitsa yekha, n'kupatsa wolemba wina wosatchulidwa dzina kuti apitirize. Kanema wake anayenda kuyambira 2009 mpaka 2017, magawo 171, n'kubalanso akanema ena awiri. Nkhani ikakhala kuti siyiloledwa kutha, imawonongeka m'njira zodziwika. Mdani wa chaka chino ayenera kuposa wa chaka chatha, ndiye kumatulukira mfiti yakale kuposa yakale ija, kenaka ina yakale kuposa imeneyo. Malamulo a matsenga amene anatiuza poyamba amasinthidwa wolemba akapanikizika. Choipa koposa n'chakuti imfa imatha mphamvu. Munthu wafa, talira, patapita magawo atatu wauka, ndiye akadzafanso timangodikira. Opanga mafilimu anazolowereranso kudula buku lotsiriza pawiri kuti anthu alipire kawiri, monga anachitira ndi Harry Potter mu 2010 ndi 2011, ndi Twilight mu 2011 ndi 2012. Zikapanda kugulidwa amangozisiya panjira. Filimu ya City of Bones ya mu 2013 inatha ngati ikulonjeza yotsatira, koma yotsatirayo sinapangidwe. Kwa munthu amene wagula intaneti ya Movitel ndi ndalama ya mbatatesi, kumeneko ndi kumubera.

Palinso china chimene makolo ambiri sadziwa. Kafukufuku wa kampani ya Bowker mu 2012 anapeza kuti anthu 55 mwa 100 alionse ogula mabuku a achinyamata ku America anali a zaka 18 kupita m'mwamba, ndipo ambiri ankagulira kuti awerenge okha. Wogulitsa amatsata wogula. Chifukwa chake mabuku ndi akanema ena olembedwa kuti ndi a achinyamata ali ndi zachikulire zimene mwana wa zaka 12 sanafikepo.

Nkhani ya chikondi ndi imene ndimaona kuti ikufunika kuikhalira pansi kuposa mano ndi magazi. Mu Twilight, Edward, mnyamata womwa magazi uja, anabadwa mu 1901, ngakhale nkhope yake inaima pa zaka 17. Bella, mtsikana amene akumufuna, ndi wa zaka 17 zenizeni. Mnyamatayu amalowa kuchipinda kwa mtsikana usiku mtsikanayo osadziwa, kukamuyang'ana akugona. Amamutsatira mobisa akapita kutauni. M'buku lachitatu amachotsa chitsulo mu injini ya galimoto yake kuti asapite kukacheza ndi mnzake wina wamwamuna. M'buku lachiwiri atamusiya, moyo wa mtsikanayo umaima, moti wolemba anangoika masamba opanda kanthu okhala ndi mayina a miyezi. Pomaliza amakwatiwa ali ndi zaka 18, za kuyunivesite n'kuzisiya kaye. Zonsezi bukulo limazionetsa ngati umboni wa chikondi chachikulu, ndipo mabuku ambiri otsatira anakopera chimodzimodzi: mwamuna wamkulu, wolemera, woopsa, wansanje, amene amasintha chifukwa cha mtsikana mmodzi yekha. Sindikunena kuti buku lingakwatitse mwana. Umphawi ndi miyambo zinayamba kalekale kuchita zimenezo popanda buku. Koma tili m'dziko limene kafukufuku wa zaumoyo wa 2011 anapeza kuti akazi 48 mwa 100 alionse a zaka 20 mpaka 24 anakwatiwa asanafike zaka 18, ndipo zinachita kufunika lamulo, nambala 19/2019, kuti maukwati otere aletsedwe. Mtsikana wa ku Tsangano amene bambo wamagalimoto akumudikirira panjira ya kusukulu safunika nkhani ina yomuuza kuti nsanje ndi kulondalonda ndiye chikondi. Mayi kapena mlongo wamkulu amene angaonere naye limodzi n'kumufunsa kuti, "Iwe, mwamuna wotereyu atakhala wa pamudzi pano ungamulole?" wachita zambiri kuposa amene walanda foni.

Nkhani ya wosankhidwa nayo ili ndi chilema chake. Ngwazi zambiri zimapambana chifukwa cha magazi amene zinabadwa nawo, osati chifukwa cha khama, ndipo anthu wamba amangokhala oti apulumutsidwe. Palinso funso la eni miyambo. Anthu amene Twilight inawasandutsa mimbulu, a Quileute, ndi mtundu weniweni, waung'ono, wokhala ku La Push m'boma la Washington. Ali ndi mbiri yawoyawo ya chiyambi chawo, yosiyana ndi ya m'bukulo, koma dziko lonse linawadziwa ngati anyamata osavala malaya, aukali, osanduka zilombo. Nyumba yosungira zakale ya Burke ku Seattle inachita kugwirizana nawo kuti aike pa intaneti mbiri yeniyeni yotsutsa ya m'bukulo. Aliyense wa kuno angayerekeze mmene zingamvekere mlendo atatenga Gule Wamkulu n'kumusandutsa gulu la ziwanda m'filimu yoonetsedwa dziko lonse.

Zonsezi owerenga a ku London kapena ku São Paulo angazinenenso. Chimene chili chathuchathu ndi ichi: nkhanizi zinalembedwa ndi anthu amene ufiti unawatalikira, ndipo zimakoma chifukwa cha kutalika kumeneko. Ku Salem, ku America, anapachika anthu 19 mu 1692 powaganizira ufiti. Ku Britain lamulo la 1735 linathetsa kuzenga munthu mlandu woti ndi mfiti. Papita zaka pafupifupi 300, ndiye mwana wa kumeneko angavale chipewa cha mfiti n'kupita nacho kuphwando, agogo ake n'kumujambula chithunzi. N'zoona kuti akhristu ena a ku America analimbana ndi Harry Potter, moti bungwe la malaibulale la kumeneko linaika mabukuwa pa nambala 1 mwa mabuku amene anthu anapempha kwambiri kuti achotsedwe pakati pa 2000 ndi 2009. Koma mkanganowo unali wa buku kukhala kapena kusakhala palaibulale. Palibe nyumba ya gogo imene inatenthedwa.

Kuno mawu omwewo amapha. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017 mphekesera ya anamapopa inagwedeza Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mpaka kufika ku Blantyre. Anthu osachepera 8 anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya, bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma awiri, ndipo anthu ankati opopa magaziwo achokera ku Mozambique. Mwezi womwewo wa Okutobala ku Gurué, m'chigawo cha Zambézia, kunabuka zipolowe pa mphekesera yomweyo. Mu Januwale 2016 ku Neno, boma loyandikana ndi ife, okalamba anayi a banja limodzi anaphedwa mtsikana wina atafa ndi mphezi. Ndipo palibe wa ife amene sanamvepo za mwana woulula kuti agogo akuti amamutenga usiku palichero kukamuphunzitsa ufiti, ndi zimene zimawachitikira agogowo m'mawa mwake. Choncho kholo likamva kuti mwana akuonera za sukulu yophunzitsa ufiti n'kuchita mantha, si umbuli. Kholo ndi mwanayo akumva chinthu chimodzi, koma wina akuganiza za sukulu ya Harry Potter, nyumba yachifumu ya makandulo ku Scotland, wina akuganiza za bwalo la amfumu.

Ngakhale wopopa magazi wathu ndi wina. Katswiri wa mbiri Luise White, m'buku lake la mu 2000, anasonkhanitsa mphekesera zotere za nthawi ya atsamunda kum'mawa ndi pakati pa Africa, ndipo amene ankaganiziridwa anali ozimitsa moto, oyang'anira nyama zakutchire, ansembe achizungu, akapitawo a m'migodi. Mpaka lero namapopa wa m'mphekesera sabwera kudzafunsira mtsikana. Amabwera pagalimoto, ali ndi zipangizo, watumidwa ndi olemera, ndipo magaziwo akupita kukagulitsidwa kwina. Ndi mantha a anthu amene akhala akuona chuma chawo chikutuluka iwo n'kutsala chimanjamanja. Womwa magazi wa m'foni ndi nkhani ya chilakolako, wa m'mudzi ndi nkhani ya kudyeredwa masuku pamutu, ndipo amene amalipira ndi mlendo wodutsa, wodwala misala kapena wazaumoyo wonyamula chikwama.

Kodi ndiye kuti akanemawa amaonjezera moto? Ine sindikhulupirira kuti mwana angaphunzire ufiti pa foni, ndipo sindiona kuti mnyamata wokongola wa mano aatali ndi amene anayambitsa za ku Mulanje. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi chiphunzitso chobisika m'zina mwa nkhanizi, chakuti pakati pa anansi athu pali oipa obisala, kuti wachinyamata wa maso apadera angawazindikire, ndipo akawazindikira ayenera kuthana nawo yekha chifukwa apolisi ndi makhoti ndi akhungu. Maganizo amenewa ndi omwewo a gulu lonyamula miyala. Komabe zambiri mwa zabwinozo zimatembenuza nkhaniyo. Amene akusakidwa ndiye ngwazi, wosaka afiti ndiye woipa, ndipo woonera amakhala magawo makumi angapo ali mumtima mwa munthu amene mudzi wonse ukumuopa. Kwa mwana wakhunyu, wachialubino, kapena amene agogo ake akunenedwa, chimenechi ndi chinthu chachikulu. Chodabwitsa n'chakuti mafilimu amene makolo amawalola mosavuta, a ku Nigeria aja a abusa ogonjetsa mfiti, ndi amene amanena motsindika kuti ufiti wa apongozi kapena wa mwana wopeza ndi weniweni ndipo uyenera kuululidwa. Filimu ya End of the Wicked ya mu 1999, yoonetsa ana akudya nyama ya anthu usiku, yakhala ikudzudzulidwa kwambiri ndi oteteza ana chifukwa cha ana amene anazunzidwa ndi kuthamangitsidwa kumwera kwa Nigeria powanena ufiti. Imeneyo inkaonetsedwa ngati chiphunzitso, osati ngati nthano.

Olemba ochokera ku Africa analowamo m'ntchitoyi, ndipo ndi bwino kuti analowa. Tomi Adeyemi mu 2018 anatulutsa Children of Blood and Bone, yomangidwa pa milungu ya Ayoruba, ngakhale iye mwini analemba kumapeto kwa bukulo kuti chimene chinamukankha ndi kuphedwa kwa anthu akuda ndi apolisi ku America. Nnedi Okorafor anatsogola mu 2011 ndi Akata Witch, nkhani ya Sunny, mtsikana wachialubino wa zaka 12 wokonda mpira, wobadwira ku America koma wokhala ku Nigeria. Cholinga chake chinali chabwino, kupatsa mwana wachialubino malo a ngwazi. Koma m'bukulo khungu la Sunny ndi logwirizana ndi mphamvu zake zamatsenga, ndipo apa wowerenga wa ku Tete amaima kaye. Kuyambira cha m'ma 2014 ndi 2015 abale athu achialubino anabedwa, kuphedwa ndi kufukulidwa m'manda ku Malawi ndi ku Mozambique, kuno ku Tete komwe, mpaka katswiri wa United Nations Ikponwosa Ero anayendera maiko onse awiri mu 2016. Chimene chinawaphetsa ndi chikhulupiriro chakuti thupi lawo lili ndi mphamvu. Buku lonena kuti mphamvuyo ndi yabwino likuvomerezabe kuti ilipo. Wolemba sanalakwe dala, koma zikuonetsa kuti ngakhale Mwafrika, akamalembera msika wa kutali, angaponde pachilonda osadziwa.

Akuluakulu athu a zolemba anagwirapo nkhani za mizimu, monga Paulina Chiziane mu O Sétimo Juramento ya mu 2000 ndi Mia Couto mu A Confissão da Leoa ya mu 2012, koma amenewo ndi mabuku a akuluakulu, a m'Chipwitikizi cholemera, ndipo sanalembedwe kuti mwana wa kalasi 8 aziyembekezera gawo lotsatira. Zomangira nkhani ya achinyamata m'Chichewa sizikusowa. Pamalire athu ndi Malawi pali mapiri a Dzalanyama, kumene kuli Kaphirintiwa, pamene makolo amati anthu oyamba anasiya mapazi pathanthwe. Pali Makewana wa ku Msinja ndi njoka yake Thunga, pali Mbona, pali Napolo wogumula mapiri, pali Mano, likulu lakale la Undi, limene lili m'chigawo chathu chomwe chino. Pali Kamdothi, mwana woumbidwa ndi mayi wosabereka, amene ankaloledwa kusewera ndi anzake koma mitambo ikachita bii ayenera kuthamangira kunyumba. Mwana wofuna kupita kutali ndi anzake, mayi womuitana ndi nyimbo, thupi losiyana ndi la ena: palibe chimene wolemba wa ku New York angaonjezerepo. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005 m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia, ndiye amakopa kwambiri, koma ali ndi eni ake amoyo ndi zinsinsi zake, ndipo wolemba wanzeru angayambe wapita kwa mafumu.

Owerenga nawo alipo, ngakhale mabuku kulibe. Tete ndi chimodzi mwa zigawo ziwiri zimene boma linayesera kuphunzitsa ana m'chilankhulo chawo pakati pa 1993 ndi 1997, ndipo maphunziro a zilankhulo ziwiri anapitirira m'masukulu ena pambuyo pake. Koma mwana akamaliza mabuku a m'kalasi, choti awerenge m'Chichewa mongosangalala chimakhala Baibulo, buku la nyimbo, kapena chimene chadutsa malire. Nkhani ya magawomagawo siyifunanso makina osindikizira. Imayenda bwino pawailesi, ndipo Rádio Moçambique ya ku Tete ndi mawailesi a m'madera amaulutsa kale m'Chinyanja. Imayendanso pa Facebook ndi pa WhatsApp, kumene anthu amatsata kale nkhani za Chichewa gawo ndi gawo.

Chovuta chenicheni kwa wolemba wa ku Ulongwe kapena Furancungo ndi choti asankhe m'mutu woyamba momwe: kodi gogo wokhala yekha kumapeto kwa mudzi amauluka usiku kapena ayi? Akati amauluka, aliyense womuwerenga ali ndi gogo wotero pafupi, ndipo amamudziwa dzina. Akati sauluka, nkhani ya mizimu yatha isanayambe. Okamba nthano akale anali ndi njira yawo. Ankayamba ndi "padangokhala", omvera n'kuvomera "tilitonse", ndipo zonse zinkachitikira kumudzi wopanda dzina. Woipa ankakhala fisi wovala ngati mkamwini, chimphona chomeza anthu, kapena njoka ya padziwe, osati mnansi amene mawa mudzakumana naye kuchigayo. Wolemba wa lero angathe kuika zoopsa zake pansi pa madzi a Cahora Bassa, m'mapanga a Dzalanyama kapena m'nthawi ya Undi, n'kusiya okalamba, achialubino ndi azaumoyo ali anthu wamba m'nkhani yonse.